Chitenje chimene ndinasiya pa tebulo

Ndinafika ku Joni m'zaka za m'ma 1990, mwana wanga wamkazi ali kumsana. Amuna anga ankalondera fakitale ku Wadeville. Ine ndinkagulitsa tomato, anyezi ndi usipa wochokera kwathu pa msika waukulu wa pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Tebulo langa linali pakati pa mayi wina wachizulu wogulitsa mapazi a nkhuku ndi bambo ena achikulire a ku Mangochi, Asilamu, ogulitsa nsalu. Bambowa anagwirapo ntchito m'migodi. Ndi iwo anandiuza kuti msikawo sunachite kumangidwa ndi munthu. Unayamba ndi akazi ochepa amene ankaphikira amuna otsika sitima. Ankathamangitsidwa, mawa lake n'kubwereranso, mpaka owathamangitsawo anatopa. Malire a munthu anali mwala kapena tayala lakale, ndipo aliyense ankawadziwa.

Chaka china kunamveka kuti msikawo ugwetsedwa, amanga wina wa simenti ndi malata, wa mipopi ndi zimbudzi. Anamata mapepala pa mapolo a magetsi, olembedwa m'Chingerezi. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 4. Ndinkangowayang'ana mapepalawo podutsa. Kufunsa ndinkachita manyazi.

Sabata yomweyo kunagwa maliro ku Tsakane. Anamwalira mayi wina wa kwathu ku Ntcheu. Sitinali pachibale, koma maliro n'kulirana, makamaka kuno kumene munthu ulibe wako. Ndinachita monga mmene amayi anga ankachitira pa msika wa kwathu. Ndinaphimba tebulo ndi chitenje, n'kusanjikapo miyala m'makona monse. Kwathu munthu akaona zotero amadziwa kuti mwini wake ali pa zovuta, malowo sakhudzidwa. Ndinapita mtima uli m'malo. Ndinakhala kumeneko masiku atatu, ndikutunga madzi ndi kutsuka mbale.

Nditabwerera ndinapeza tebulo lililonse lili ndi nambala ya penti yofiira. Langa linalibe. Chitenje chinali pomwepo, miyalanso osasunthidwa.

"Hawu, makoti, unali kuti?" anafunsa mayi wachizulu uja. Ankanditchula choncho, ngati mpongozi wake. "Anabwera anthu ndi buku. Ankalemba yekhayo amene amupeza ataima pa tebulo lake."

Bambo a ku Mangochi aja sanandiyang'ane kumaso. Ankangopinda nsalu yopindapinda kale.

"Ndinawauza, mwana wanga," anatero. "Ndinawauza m'Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, n'kuyesanso Chizulu, kuti chitenjechi ndi munthu, wapita ku maliro. Mmodzi wa iwo anaseka, akuti, madala, ife sitilemba nsalu."

Mawa lake anandiperekeza ku ofesi ya omanga msikawo. M'njira monse ndinkaloweza zokanena. Titalowa ndinagwada pafupi ndi desiki, monga tinaphunzitsidwira polankhula ndi akuluakulu. Mayi wa pa desikiyo anasuzumira pansi kundifunafuna.

"Dzukani, sisi, muno si m'tchalitchi."

Anthu a pa mzere anaseka. Mawu onse amene ndinaloweza anathawa. Bambo aja ndiwo anandilankhulira, atagwira chipewa m'manja. Mayiyo sanali wankhanza. Anamvetsera mpaka kumapeto, anamupatsanso mwana wanga switi. Kenako anati buku linatsekedwa, malo atsopano anawerengedwa kale molingana ndi manambala, ndipo iye sangawonjezepo ngakhale limodzi. Ndinayankha kuti zikomo. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinkathokoza.

Anagwetsa msikawo ndi chithirakitala, n'kuzunguliza mpanda wa waya. Utatsegulidwa watsopano, anzanga aja analowa m'kati, aliyense pa nambala yake. Ine ndinayala thumba kunja kwa mpanda, pamene alonda amatha kukuchotsa nthawi ina iliyonse. Mayi wachizulu uja ankalozera makasitomala ake kwa ine kudzera pa waya, koma ambiri ankaona ulesi kuzungulira.

Pamene panali tebulo langa anaikapo mpopi. M'mawa uliwonse ndinkalowa ndi chigubu kukatunga madzi owaza pa tomato, n'kuima pamenepo kudikira chidzaze.

Chitenje chija ndinayamba kumangira katundu alonda akatulukira. Patapita miyezi ingapo kunagwanso maliro, ulendo uno ku Spartan. Ndinapitabe. Ndinanyamula thumba langa, chitenjecho n'kuberekera mwana, poti panalibenso choti n'kuphimba.