Wamasiye amene anavina ali pakhomo

Lachiwiri m'mawa anthu anayi ananditumizira vidiyo imodzimodzi ya ukwati wa ku Nkope. Onse mawu ake amodzi: "Muonetsetse pamene akuvina amayipo." Ndinaonetsetsa. Pakati pa gulu panali Abiti Mussa, oyandikana nane nyumba, akutimba gule ngati alibe vuto padziko.

Chonsecho vuto ali nalo. Amuna awo, Che Amini, tinawaika m'manda miyezi iwiri yapitayo, ndipo mayiwa ali pa eda, nthawi imene mayi wachisilamu woferedwa amakhala pakhomo kulira mwamuna wake. Loweruka la ukwatilo ndinawaona ndi maso angawa akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Koma masiku ano ndani angakhulupirire maso anga foni itanena kale?

Pofika masana Abiti Jafali, mlongo wake wa malemuyo, anali atagamula: mkazi wovina dothi la pamanda lisanaume atuluke m'nyumba ya m'bale wawo. Ndinawachonderera kuti tikaonane kaye ndi amene anakonza vidiyoyo. Anavomera monyinyirika.

Tinawapeza Che Saidi mu situdiyo yawo kufupi ndi msika, maso ali pa kompyuta. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Imeneyi si nkhani, amayi," anatero. "Ku Nkope kunagwa mvula, anthu anabwera ochepa. Bambo a mkwatibwi ali ku Joni, amafuna aone chinamtindi. Ndiye ndinangodula kachidutswa ka ukwati wa chaka chatha n'kumatapo. Aliyense amatero."

Ndinapsa mtima, koma pamenepo sananame. Aliyense amaterodi. Kodi simunawaone amayi aja ovala zitenje zobiriwira amene amalulutira pa vidiyo iliyonse yotsegulira mjigo? Analulutira kamodzi, mwina mjigowo unafa kalekale, koma iwo akulandirabe chitukuko mpaka lero. Msonkhano ukasowa anthu, kompyuta imawabwereka kwina osawapempha. Ukhoza kugona ku Malindi, n'kudzuka utaombera m'manja munthu amene sunamuonepo ku Monkey Bay.

Ifenso oonera tili ndi lumo lathu. Timadula pamene patikomera n'kutumiza, zala zili changu kuposa mutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndani adekhe pamene nkhani ikukoma chonchi?

"Tionetseni chonse, musanadule muja," anatero Abiti Jafali, manja ali m'chiuno.

Che Saidi anagwira kumapeto kwa kachidutswako n'kukakokera kumanja, zimene anadula zija n'kubwerera. Gule anapitirira. Kenaka kuchokera kumbali kunatulukira mwamuna wovala kanzu yoyera, atanyamula nsapato za mkazi wake m'manja, akuseka mpaka kugwira pamimba. Che Amini, amoyo, onenepa, matenda asanawagwire.

"Awatu ndinawachotsa dala," anafotokoza Che Saidi monyadira luso lawo. "Anthu akanachita mantha kuona malemu pa ukwati."

Mwamva? Anaganizira akufa, amoyo n'kuwasiya pamoto.

Abiti Jafali anakhala pansi pa benchi, maso ali pa m'bale wawo. Vidiyo itatha anati chapansipansi, "Tabwezani." Inathanso. "Tabwezaninso." Kachitatu anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, ine chifundo chinandigwira, mkwiyo wonse n'kutha. Za nyumba zija sanazitchulenso. Madzulo ndinawaona akulowa kwa alamu awo aja, atagwira foni ndi manja awiri.

Chidutswa chonsecho, chokhala ndi Che Amini, ndinawatumizira anthu anayi aja tsiku lomwelo. Onse anachiona, foni yanga ikuchitira umboni. Cha gule chija chinazungulira Mangochi yense dzuwa lisanafike pamutu, koma ichi chagona masiku atatu m'mafoni anayi. Zala zija zatani, zatupa?