Makompyuta awiri, adiresi imodzi

Makompyuta awiri aja ndinagula kwa mkulu wina wa ku Chipata. Tinanenerera mtengo mpaka iye anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho. Ndinafika nawo pa kashopu kanga ka fotokope pa boma la Mchinji ndikudziguguda pachifuwa kuti ndamudyera masuku pamutu. Nditawayatsa, onse awiri anakana intaneti. Apa m'pamene ndinayamba kukayika kuti wadyeredwa ndani.

Ndinaitana mayi wina wophunzitsa za makompyuta pa sekondale, wochokera ku Mzuzu. Tinagwirizana kuti ndilipira pa kompyuta iliyonse payokha. Anakhala pa yoyamba, anatsegula kazenera kakuda bii kopanda chithunzi, n'kuyamba kulemba mothamanga. Ife a kumalire tikaona munthu akulemba manambala osaphethira, dzanja limapita lokha m'thumba.

"Mukulemba chiyani, aphunzitsi?"

"Ndikuipatsa adiresi ya IP. Rauta yanuyi, kabokosi ka intanetika, siikugawa maadiresi yokha, ndiye tilembe pamanja."

"Adiresi? Yakumudzi kapena yapashopu? Ikupita kwa ndani?"

"Achimwene, sikupita kupolisi. Ndi nambala yoti rauta idziwe kokasiya zinthu zanu."

Za polisi sindinatchule ine. Anayambitsa okha. Ndinazisunga mumtima.

Tsono ine ndili ndi lamulo langa: mmisiri umamulipira kamodzi, ulendo wachiwiri luso lake umakhala utalitola ndi maso. Ndinaima kumbuyo kwawo ngati ndikukonza waya, koma ndikuloweza. Analemba ip addr add, kenako nambala yaitali yothera ndi 20, kenako mzere wina wouza kompyuta khomo lotulukira. Atalemba ping poyesa ngati intaneti yalowa, mayankho anayamba kutsika mondondozana.

"Yatheka. Tipite pa inayo?"

"Imeneyo isiyeni, ili ndi matenda ena. Ndidzakuitanani."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunyamula chikwama chawo. Asanafike n'komwe pamsewu, ine ndinali nditazimitsa yoyamba ija n'kukhala pa yachiwiri. Ndinalemba zomwezo, chilembo ndi chilembo, osaphonya kadontho. Intaneti inabwera. Ndinatuluka kukauza telala woyandikana nane kuti masukulu enawa ndi kutaya nthawi.

Patapita masiku kunabwera ahedi a pulayimale ina ya ku Chiosya. Ana awo ankayamba mayeso m'mawa mwake, mafunso anali pa imelo, ndipo ankafuna ndiwasindikizire asanaphonye galimoto yobwerera. Ananenanso kuti zikayenda bwino, ntchito zonse za sukulu yawo zizibwera kwa ine. Pofuna kuoneka ngati ofesi yaikulu, ndinayatsa makompyuta onse awiri, kwa nthawi yoyamba limodzi.

Imelo inatseguka, kenako zii. Ndikathamangira pa inayo, imagwira pang'ono n'kufa, yoyamba ija n'kudzuka. Ndinkangodumpha pakati pa mipando ngati wogulitsa mbali ziwiri za msika.

"Bambo, mawa ana alemba chiyani? Thukuta lanuli?" anafunsa ahedi.

"Ndi netiweki ya ku Zambia, ahedi. Kunotu ngakhale mafoni amadumpha malire opanda pasipoti."

"Nanga shopu ya kutsidya kwa msewuko ili m'dziko lina?"

Anali atayamba kale kuyang'ana pakhomo. Mumtima ndinatukwana mkulu wa ku Chipata. Ndinakayikira telala, poti waya wanga umadutsa kuseri kwa shopu yake. Pomaliza ndinafika pamene mtima unkafuna kufika: mayi uja wanditchera msampha m'kazenera kakuda kuti ndizimuitana mwezi ndi mwezi. Ndinawaimbira foni.

"Aphunzitsi, tisabisane. Munaikamo chiyani m'makina mwanga?"

"Yachiwiri ija yachira matenda ake?"

Ndinakhosomola.

"Mwaipatsa nambala yanji?"

"Yomweyo. Yabwinoyo."

Anaseka mpaka ndinachotsa foni kukhutu, ahedi n'kumva nawo.

"Achimwene, nyumba ziwiri nambala imodzi, rauta isiye katundu kwa ndani? Muzionera mpaka pamapeto mukamaba luso. Tsegulani kazenera kaja. Lembani ip addr del ndi nambala yakaleyo, kenako muikenso yatsopano yothera ndi 21."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye ndikupatseni zingati?"

"Palibe. Fulumirani, ana a eni ake akudikira."

Ndinalemba, ahedi ataima paphewa panga n'kumandiwerengera zilembo ngati ndine wa sitandade wani. Imelo inatseguka osagwanso. Pirinta inayamba kulavula mapepala. Ahedi anawalongedza akadali otentha, anati teremu yamawa abweranso, koma ndidzayatse imodzi yokha, n'kuthamangira kudepoti.

Ine sindinatseke kazenera kaja tsiku limenelo. Ndinakhala ndikuyang'ana mayankho a ping akutsika, kudikira kuti ndione pamene chinthu chaulere chija chindilumire.