Kavalo Wokalamba wa Amalume

Amalume, mlongo wawo wa amayi anga, anakhala zaka zambiri pa famu ina kufupi ndi Lusaka akusamalira akavalo. Famuyo itagulitsidwa, eni atsopano anatenga akavalo amphamvu okhaokha. Kunatsala mmodzi wamkazi, wokalamba, wofiirira, amene palibe anamufuna. Amalume atamva kuti akufuna kumuwombera, anamupempha. Anabwera naye kwathu ku Zingalume pa lole imene inkadzatenga nsawa, iwo ataimirira kumbuyo njira yonse, atamugwira khosi.

Mudzi wonse unatuluka. Ambiri a ife kavalo tinkangomumva m'Baibulo. Bambo wina anafunsa ngati amalima. Amalume anati salima. Nanga ngolo amakoka? Sakoka. Bamboyo anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye mwabweretsa mlendo wongodya.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka zopitirira makumi anayi, ndipo ndinkathandiza pa kliniki yathu yaing'ono. Ntchito yanga inali kupita kumidzi ya kutsidya la dambo kukayeza ana pa sikelo ndi kukumbutsa amayi oyembekezera masiku awo. Ndinkayenda pa njinga mpaka bondo lakumanja linayamba kutupa. Kupalasa kunakhala chilango. Mvula ikagwa, njinga ndinkachita kuinyamula podutsa m'matope. Ndinauza amalume kuti ndikufuna kusiya.

"Usasiye," anatero. "Miyendo inayi ili m'kholamo ikungokhala."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati ndibwere mawa ndisanapite kumunda.

Ndinapita ndikuganiza kuti ndikakwera tsiku lomwelo. Anandipatsa bulashi. Masabata atatu athunthu sindinakwere. Anandiphunzitsa kumuyandikira cha paphewa, osati kumbuyo, ndi kumulankhula ndisanamukhudze. Ndinafunsa kuti ndizimuuza chiyani.

"Chilichonse. Muuze za bondo lakolo. Angodziwa pamene waima."

Ndinaphunzira kumupesa kuyambira kukhosi kutsika, kufufuza nkhupakupa pansi pa mchira ndi m'makutu, ndiponso kumumwetsa madzi asanadye. Gaga ankati ndiyambe ndanunkhiza, chifukwa wachuku amamupotola m'mimba, ndipo kavalo sasanza ngati galu. Masamba a nsawa oti azidya tinkaumitsa pa denga la khola. Chimene ndinkachiopa kwambiri chinali ziboda. Umayenera kuwerama pafupi ndi mwendo wake, kuutsetsereka ndi dzanja mpaka pansi, iye n'kuukweza, iwe n'kukolokosa dothi ndi kachitsulo kopindika. Ine ndikawerama, kavaloyo ankaumitsa mwendo ngati mtengo. Amalume akangoukhudza, unkakwera wokha.

"Ukumugwira ngati mphika wotentha," ankatero. "Ukachita mantha, iyenso amafunafuna chimene chikukuopsa."

Tsiku lokwera linafika. Ndinavala buluku la malemu amuna anga mkati mwa chitenje. Amalume anamangirira chishalo chakale chimene anabwera nacho, n'kundiimika pa chitsa kumanzere kwa kavalo. Nditakhala pamwamba ndinaona madenga a nkhokwe za anthu, zimene zinali zodzaza ndi zimene zinali zopanda kanthu. Ndinagwira zingwe mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi.

"Masula manja. Zingwezo zamangidwa ku chitsulo chimene chili m'kamwa mwake. Iwe ungakonde munthu akukukoka mano? Zidendene pansi. Usayang'ane khosi lake, yang'ana kumene ukupita."

Anandizungulitsa pabwalo atagwira chingwe chachitali. Patapita masiku anachimasula, ndipo ndinaphunzira kukhota, kuima ndi kuyambanso. Amayi ena a kumpingo anayamba kulankhula kuti mzimayi wamkulu, wamasiye, kumatangadza pa nyama anthu akuona. Mawuwo anandipweteka, koma ndinkapitabe.

Kenako ndinagwa. Tinkadutsa m'mphepete mwa munda wa nsawa, amalume akuyenda pansi kumbuyo kwanga, pamene nkhanga zinabuka m'udzu. Kavalo analumphira pambali, ine n'kutsala m'malere. Ndinagwera pa mizere, mkamwa mutadzaza dothi. Sindinathyoke paliponse, koma panali amayi awiri akupalira pafupi, ndipo mmodzi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Amalume anandidzutsa, n'kufunsa ngati ndinaona makutu a kavaloyo nkhanga zisanabuke.

"Amalume, ine ndagwa, inu mukufunsa za makutu?"

"Anakuuza. Onse awiri analoza kuudzuko. Iwe unali kuganiza za anthu akukuona."

Ndinabwerera kunyumba wapansi, ndikutsimphina, ndipo sabata yonse sindinapondeko kukhola.

Chimene chinandibweza ndi malungo. Amalume anagona, thupi likutentha, ndipo azakhali, akazi awo, anabwera m'mawa kudzandiuza kuti nyama ija ikuyenda ndi miyendo itatu, iwo sangaiyandikire. Ndinapita chifukwa panalibe wina. Ndinamupeza ataima pakona, mwendo wakutsogolo akungougunditsa pansi pang'ono. Ndinaima paphewa pake n'kuyamba kumuuza kuti inenso ndakwiya naye, koma tione kaye mwendowo. Ndinatsetsereka ndi dzanja mpaka pansi. Anaukweza. Nditachotsa dothi ndinapeza munga wautali utalowa pofewa pakati pa chiboda. Ndinauzula ndi zala, mafinya pang'ono n'kutuluka. Iye anangopumira pamsana panga.

Ndinathamangira kwa amalume ndi mungawo m'manja. Anauyang'ana ali chigonere, n'kunena kuti ndifunditse madzi, ndithiremo mchere, ndimuviike chibodacho kawiri pa tsiku, ndipo chikapanda kusintha tikaitane a vetenale, dokotala wa ziweto, ku boma. Ndinachita zimenezo masiku asanu, nditakhala pa ndowa yovundikira, chiboda chili m'beseni. Onse awiri anachira sabata imodzi. Amalume atatuluka panja anaona kavalo akuponda bwino. Anangouza azakhali kuti kachitsulo ka ziboda kazikhala kwa ine.

Ulendo woyamba wa kutsidya ndinaupanga mu Febuluwale, dambo litadzaza. Sikelo ndi makadi ndinaziika m'thumba la pamsana. Pofika pamadzi kavalo anaima, makutu ali patsogolo. Sindinamukakamize. Ananunkhiza, anaponda kamodzi, n'kulowa yekha, madzi akumufika m'mawondo. Ndinafika nsapato zili zouma. Amayi amene ankayembekezera pansi pa mtengo wa mango anabalalika ndi ana awo, kenako anabwerera mmodzimmodzi. Tsiku limenelo kunabwera ana ambiri kuposa masiku onse, chifukwa ngakhale amayi amene ankazemba sikelo anabwera kudzaona. Ndinawauza kuti wofuna kumukhudza ayambe wayezetsa mwana.

Papita zaka zitatu tsopano. Kavaloyo wakalamba ndithu, pamwamba pa maso pake palowa, ndipo sindimuyendetsa ulendo wautali kupitirira kawiri pa sabata. Amalume maso achita khungu pang'ono, nthawi zambiri amakhala pa mpando pafupi ndi khola. Mwezi wathawu kunabwera mnzanga amene timathandiza naye pa kliniki, mayi wa ana asanu wochokera cha ku Pembamoyo. Anati kwawo anthu ayamba kuweta abulu, mwamuna wake wagula awiri, ndipo mayiyo akufuna adziwe kuwasamala ndi kukwerapo, chifukwa midzi yake ili patali kuposa yanga. Ndinayang'ana amalume kuti ayambe iwo.

"Mphunzitsi ndi uyo," anatero akuloza ine. "Ine ndizingomvetsera."

Mayiyo amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzaphunzira pa kavalo wathuyo. Ali ndi manja ofatsa kuposa anga, koma amafulumira pokhota. Amalume amamva ndi khutu kapondedwe ka ziboda, ndipo nthawi zina amakuwa ali pampando kuti wakoka kwambiri chingwe chakumanzere. Tagwirizana kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe ndidzapita kwawo masiku atatu kukaona abulu akewo, chifukwa akuti mmodzi amaluma.