Levulo Sadumpha Funso

Kuntchito anamupatsa dzina loti Levulo, chifukwa sankakhulupirira maso a munthu aliyense, ngakhale ake omwe, mpaka ataika pansi levulo, chida choyezera ngati malo alingana, n'kuona kathovu ka m'kati kataima pakatikati. Anali mmisiri woyala matailosi. Mkazi wake ankasita zovala kumalo ochapira, ndipo anzake kumeneko ankamutchula Nasimbi. Amene amaidziwa bwino nkhani ya Levulo ndi Nasimbiyo, poti ndi iye amene ankafunditsa madzi madzulo aliwonse n'kumuthowa mawondo mwamuna wake.

Mawondowo ndiwo anali gwero la zonse. Woyala matailosi amapeza chakudya chake chogwada. Levulo anayamba kugwada ali mnyamata, pambuyo pa bambo ake, ndipo pofika zaka makumi anayi mawondo anali atatupa, atada, khungu lake litalimba ngati la nsapato. Pokwera masitepe ankagwira khoma. Dokotala anamuuza mosapsatira kuti akapitiriza kugwada, posachedwa ayamba kuyendera ndodo. Levulo anathokoza dokotalayo mwaulemu, m'mawa mwake n'kukagwadanso. Nanga akanatani, pakhomo pali ana awiri a pasukulu?

Njira yoimirira inalipo imodzi yokha. Kampani imene ankagwirako inkatumiza mmisiri mmodzi kukoleji kukaphunzira ukapitawo, ntchito yoyang'anira anzako uli chiimire, ndipo bwana ankafuna kutumiza Levulo. Koma koleji inkafuna satifiketi yokhala ndi masamu, ndipo masamu ndi amene Levulo analakwa kusukulu. Analembanso ali wamkulu, n'kulakwa. Analembanso, n'kulakwanso. Bwana anamusungira malowo zaka zingapo, kenako anamuitanira mu ofesi.

"Achimwene, chaka chino ndi chomaliza," anatero bwanayo. "Mukapanda kukhoza ndipereka kwa wina. Musadzandide."

Chopweteka n'chakuti Levulo masamu ankawadziwa. Aliyense wolowa m'nyumba mwawo Lamlungu masana akanachitira umboni. Akachotsa mbale patebulo, lomwe analiikira kachidutswa ka tailosi pansi pa mwendo umodzi kuti lisagwedere, ankayalapo mapepala a mayeso akale, rula, kampasi ndi mapensulo osongola ndi mpeni wa kuntchito. Ankabwereza mitu inayi imene sinkalephera kubwera pa mayeso, ndipo ankaibwereza mokweza, poti pakhomo panalibe wina womumvera koma Nasimbi, yemwe ankakhala pakona akusita mayunifomu a ana.

Ankayamba ndi masikwensi, manambala aja otsatana mwadongosolo. "Tamvani mayi: 3, 7, 11, 15. Paliponse akuwonjezera folo. Ndiye wa nambala handiredi sindichita kumuyendera ayi, ndimupeza ndili pompano." Akatero ankalowa tirigonometire, nkhani ya makona atatu ndi ngodya zake. Funso linkati makwerero a mamita sikisi atsamira khoma, apanga ngodya ya madigiri 30 ndi pansi, afika pati? "Saini wa 30 ndi theka, ndiye mamita atatu. Koma woimika makwerero mogoneka chonchi ndi wofuna kuthyoka msana. Amene amalemba mafunsowa sanakwerepo." Malogarizimu ankawakonda ngati nthabwala. "Logi ya 1000 ndi 3, mayi. Mukungofunsa kuti mateni angati akachulukitsana afika pamenepo. Teni, teni, teni. Basitu." Nasimbi ankangoti "Oho," n'kutembenuza kolala.

Koma mtima wake wonse unali pa jometire. Akajambula seko ndi kampasi, n'kudutsitsamo mizere, phokoso lonse linkatha, lilime lili panja pang'ono ngati mwana wophunzira kulemba. Tiyi ankazizira, ntchentche n'kugweramo, iye osadziwa.

Nasimbi anatulukira vuto atalakwa kachitatu, ndipo analitulukira mwangozi, akumuthowa mawondo.

"Malogarizimu aja munkandisokosa nawo chaka chonse, anabwera?"

"Akuti anabwera."

"Akuti? Ndani akuti? Simunalembe ndinu?"

"Anali kumapeto. Sindinafikeko."

"Nanga zamakwerero zija?"

"Nazonso zinali kutsogolo."

Nasimbi anasiya nsalu m'beseni n'kumuyang'anitsitsa. Atamufunsa bwinobwino, zinadziwika kuti chiyambire kulemba mayeso a masamu, Levulo anali asanaonepo tsamba lomaliza ali m'chipinda cha mayeso. Ankayamba funso loyamba, lachiwiri, lachitatu, mwa ndondomeko yake, ndipo akakumana ndi lovuta ankakhala pomwepo mpaka litagonja, kapena mpaka woyang'anira atanena kuti ikani zolembera pansi.

Khalidweli analitenga kwa bambo ake, ndipo pantchito yawo linali lolondola. Matailosi umayala motsatira chingwe, limodzi pambuyo pa linzake. Ukadumpha malo ovuta, pakona kapena pamene patulukira paipi, simenti imauma, mzere umakhota, ndipo chipinda chonse chimakuchitira umboni mpaka nyumbayo idzagwe. Bambo ake ankamugogoda zala ndi chogwirira cha chipande chopakira simenti akangoyesa kudumpha. "Munthu wosiya mpata ndi wakuba," ankatero mkuluyo. Mkuluyo anamwalira kalekale, koma mawuwo sanapite nawo kumanda. Mtengo umawongoledwa uli waung'ono, paja amatero, ndipo uwu anauwongola mopitirira muyezo.

Nasimbi anapsa mtima, ndipo anali ndi chifukwa. Zaka zonsezo ankaganiza kuti akulimbana ndi masamu, pamene akulimbana ndi apongozi ake a kumanda.

"Kwathu kuntchito," anamuuza, "malaya akakhala ndi banga losachoka, timawaviika pambali n'kupitiriza ndi ena. Sititseka shopu chifukwa cha banga limodzi."

"Kuthamanga si kufika, mayi."

"Ndiye kukhala pamodzimodzi ndiko kufika?"

Chaka chomalizacho Nasimbi anasiya kusita Lamlungu masana. Anakokera mpando patebulo, foni kudzanja lamanja, sosala ya kapu ya tiyi kudzanja lamanzere. Masamu sankawadziwa, ndipo sankafuna kuwadziwa. Ntchito yake inali imodzi: foni ikalira mwamuna wake asanamalize funso, ankavindikira funsolo ndi sosala n'kunena kuti, "Laviikidwa. Pitani kwina."

Masabata oyamba inali nkhondo. Levulo ankatuluka thukuta, ankapempha mphindi imodzi yokha, ankayesa kusuzumira pansi pa sosala ngati mwana wofuna shuga. Tsiku lina anamenya tebulo mpaka kachidutswa ka tailosi kaja kanathawa pansi pa mwendo. Tsiku lina anati, "Mukundiphunzitsa ntchito yachinyengo," ndipo sanalankhulane mpaka Lachiwiri. Kambiri Nasimbi ankadzuka m'mawa n'kumupeza ali patebulo, atavala kale zovala za kuntchito, akumalizitsa mafunso onse amene anavindikiridwa dzulo lake. Izi ankazilola. Banga loviikidwa umalibwerera ndithu, bola ena onse atasitidwa.

Pang'onopang'ono zinayamba kuyenda. Levulo anaphunzira kukankha yekha pepala foni ikalira, ngakhale nsagwada zinkamangika. Anayamba kufika pa makwerero, kenako pa malogarizimu, ndipo Lamlungu lina anatembenuza tsamba n'kupeza kuti kuseri kulibe kanthu. Anayang'anitsitsa pepala loyeralo.

"Ndiye kumapeto kumaoneka chonchi?"

Atawerengera malikisi ndi mayankho a kumbuyo kwa buku la masamu, anapeza kuti wakhoza, ndipo wakhoza bwino. Nasimbi anapita kubafa kukalira, chifukwa sankafuna kuti ana amuone. Kwa nthawi yoyamba anadzilola kuganiza za mwamuna wake ataima chilili pamalo omanga, atavala chipewa choyera, mawondo akupuma. Anachita mantha ndi chimwemwe chakecho, poti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma anakondwabe.

Tsiku la mayeso Nasimbi anapempha tchuthi kuntchito. Anamusitira malaya oyera, anamuperekeza mpaka pageti la sukulu imene ankalembera, pakati pa ana ovala yunifomu amene akanatha kukhala ake.

"Funso likakuvutani?" anafunsa Nasimbi.

"Ndiliviika."

"Wotchi ili pakhoma. Muziyiyang'ana ngati ndine."

Levulo anamwetulira n'kulowa, akutsimphina, kampasi ili m'thumba la malaya. Nasimbi anakhala pa mwala m'mphepete mwa mpanda. Mthunzi unkachepa, iye n'kumasendera kukhoma. M'chikwama mwake munali sosala ija. Sankadziwa chifukwa chimene anaitengera, poti sakanaloledwa kulowa nayo, koma ankaigwiragwira.

Belu litalira ana anatuluka mwaphokoso, akufunsana mayankho, ena akudandaula za funso lachinayi, la seko, loti onse analithawa. Nasimbi atamva zimenezo anaimirira, maso ali pageti. Levulo anatuluka pomalizira, akugwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, ndipo nkhope yake inkawala. Nasimbi ankakudziwa kuwala kumeneko. Kunali kwa m'mawa uja, akamupeza patebulo atagonjetsa funso lovindikiridwa.

"Mwafika kumapeto?"

"Mayi, funso lachinayi lija. Ana onsewa lawakanika. Ine ndalipeza."

"Ndakufunsani ngati mwafika kumapeto."

Anayenda mpaka pamalo odikirira basi. Kuwala kuja kunkazima pang'onopang'ono, ndipo atafika Levulo anayankhula akuyang'ana nsapato zake.

"Ndinalidumpha. Mulungu ndi mboni, ndinalidumpha. Ndinayang'ana wotchi, ndinatsegula tsamba lina, ndinayamba la malogarizimu. Koma manambala sankalowa m'mutu. Ndinkangoona mpata uja kumbuyo, uli pululu. Ndiye ndinati ndibwerere mphindi ziwiri zokha, ndingolemba kamzere kamodzi. Nditakweza mutu, amatolera mapepala."

"Mwayankha angati?"

"Anayi. Onse olondola."

Mafunso analipo opitirira khumi. Panalibe chifukwa chodikirira zotsatira, ndipo onse awiri ankadziwa. Malo a kukoleji anali atapita. Lolemba Levulo adzakhala atagwadanso pa simenti, ndi Lolemba linalo, mpaka tsiku limene mawondo adzakane.

Nasimbi anafuna kumukalipira pomwepo, anthu akumva. Anafuna kumuwerengera Malamlungu onse aja, zovala zimene ankasita atatopa chifukwa masana anathera patebulo, madzi onse amene anafunditsa. Anafuna kutukwana mkulu wa kumanda uja ndi chipande chake. Koma atayang'ana mwamuna wake anaona kuti palibe liwu limene akananena loti iye sanadziuze kale potsika masitepe aja. Mkwiyo unaphwa, n'kutsala chisoni chokha. Anamumvera chisoni munthuyu, amene chinthu chomwecho chimene chinamuchititsa mmisiri wabwino koposa pakampani ndicho chinamutsekera chitseko.

"Linali lotani?" anafunsa chapansipansi.

Levulo anakweza maso, osakhulupirira. "Mufuna ndikuonetseni?"

Asanayankhidwe anali atatola kamtengo. Anagwira phewa la mkazi wake, natsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, mano atalumana, mpaka anagwada pafumbi ndi thalauza lake labwino. Anasalaza dothi ndi chikhatho n'kujambula seko, yozungulira bwino ngati wagwiritsa kampasi. Anajambula mzere wokhudza sekoyo pambali, ndi makona atatu m'kati mwake.

"Akuti tisonyeze kuti ngodya iyi ndi iyi n'zofanana. Ukaliyang'ana chonchi, palibe polowera. Chinsinsi chake ndi kamzere kamene sanakajambule. Uyenera kukaona wekha, kuchokera apa pamene mzere wakhudza, kudutsa pakati, mpaka tsidya linalo. Mwaona? Ndiye apa pakhala madigiri 90."

Nasimbi sankaona kalikonse. Ankayang'ana pamutu pa mwamuna wake, pamene imvi zinali zitayamba, ndi mawondo aja atakanikiza miyala. Anthu odikira basi ankasuzumira, mtsikana wina wa yunifomu akuseka chobisa pakamwa.

Basi yawo inatulukira pakona. Anthu anayamba kukankhana, kondakitala akuitana. Levulo sanamve. Anali pa ngodya yachiwiri, kamtengo kakuyenda, mawu akuthamanga ngati a mnyamata. Nasimbi anayang'ana basiyo, anayang'ana chojambulacho chili pakati, natsegula pakamwa kuti anene mawu aja a kuviika amene ankanena chaka chonse.

"Mukwera, mayi?" anafunsa kondakitala.

Nasimbi anapukusa mutu. Basi inanyamuka, fumbi lake n'kuwagwera. Iye anakonza siketi yake, nanjuta pambali pa mwamuna wake.

"Malizani, bambo," anatero. "Ndikumva."