Ndalama ya pamchombo

Kwathu inali ndalama yomangira ana pamchombo, basi. Agogo aamuna anaipeza kwa mzungu wina amene ankamuphikira kalekale, ndipo palibe sitolo ya mu Lusaka imene ikanailandira. Mwana akabadwa ndi mchombo wotuluka, amayi ankaiika pamimba pake n'kuimanga ndi kansalu. Inagona pa ine, pa azing'ono anga, kenako pa mwana wanga wamkazi.

Inali yaikulu, yolemera, yakuda bii m'mphepete. Mbali imodzi kunali mutu wa mkazi, tsitsi lili balala ngati wadzuka kumene osapesa, nyenyezi zitamuzungulira. Mbali inayo kunali chiwombankhanga chowonda, chimene mng'ono wanga ankati ndi nkhuku ya chitopa.

Mwana wanga anamwalira chaka chimene madzi analowa m'nyumba zathu ku Kanyama. Anatsegula m'mimba, ndipo sizinatenge nthawi. Osambitsa maliro anandipatsa ndalamayo m'manja. Ndinaiika m'kachitini osaipukuta. Sindinkalira. Ndinkangotsegula kachitiniko n'kununkhiza, chifukwa munali fungo la mafuta amene ndinkamudzoza.

Alamu anga, amene amagwira ganyu kumafakitale, anaijambula pa foni n'kukaonetsa abwana awo.

"Mulamu, ni theka la dola ya ku Amerika, siliva yeniyeni," anatero atabwera. "Babosi bamasunga vinthu va so. Bakamba ati zakudala maningi, zija zakalekale, zinasala zing'ono chabe. Bazabwera pa Sande."

Sindinavomere, sindinakanenso. Masiku amenewo ndinkangoti "chabwino" pa chilichonse, ngakhale munthu atandiponda phazi. Koma mumtima ndinkadziwa kuti akaitenga, palibenso chinthu chokhudza thupi la mwana wanga chimene chidzatsale. Zovala zake abale anali atagawana kale.

Lamlungu nditachoka kutchalitchi ndinapeza amayi atasesa mpaka kunjira. Amayi anga sapatsa mlendo kapu asanaitsuke kawiri. Abwanawo anafika ndi galimoto, nsapato zili matope okhaokha, n'kukhala pampando wathu wabwino. Ankayankhula za ndalamazi ngati za abale awo: kuti akale ankazidinda mosalingana, kuti iliyonse ili ndi nkhope yakeyake, ndiponso kuti kuda kwakeko ndiye kukongola kwake, chifukwa kumatenga zaka zambirimbiri.

Amayi anagwada n'kuwapatsa ndalamayo pambale. Inali mbee, yowala ngati chivundikiro cha poto watsopano.

Bamboyo anaiyang'ana ndi kagalasi, n'kuitembenuza.

"Bamayi, nindani anaisuka?"

"Ndine," amayi anayankha monyadira, akuloza phulusa la pambaula. "Na mulota na mchenga. Sembe tinakupasani na doti?"

Abwanawo anapumira m'mwamba. Anati yakandikakandika, tsitsi la mkazi uja lafufutika, ndipo osunga ndalama zakale safuna yokwecha. Anaibweza pambale mwaulemu, anamwa madzi, n'kunyamuka. Alamu anawathamangira mpaka kugalimoto akupepesa.

Amayi anakhala pansi, manja ali pamiyendo, zala zitatupa ndi kukwecha. Sindinawakalipire. Ndinafufuza mkwiyo mumtima mwanga koma sindinaupeze.

"Chabwino mwananga, yasala na ise," anatero. "Si ndiye vamene unali kufuna?"

Ndinati inde. Ndinaitola n'kulowa nayo kuchipinda, ndinatseka chitseko, n'kuiika pamphuno. Inkanunkha phulusa.