Beseni Lokana Kubwerera

Chaka changa choyamba ku Canada ndinkachita lendi chipinda chapansi pa nyumba ya anthu a ku Senegal, ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege. Mwini nyumbayo anali mzimayi wa msinkhu wanga, wogwira ntchito kumalo osungirako katundu, ndipo ankakhala ndi mayi ake okalamba omwe anawaitanitsa kuchokera kwawo zaka zitatu m'mbuyomo. Ine ndinkasamalira okalamba ku Oakville. Ndinkachoka m'mawa, kubwerako madzulo miyendo itatupa, ndipo m'dziko lonseli munalibe munthu amene akanazindikira ndikanapanda kubwerako.

Tsiku lomwe ndinapita kukaona chipindacho, amayi okalambawo anali khale pampando kumandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Chingerezi sankachidziwa, ankalankhula Chiwolofu, chilankhulo cha kwawo, ndipo mwana wawoyo ndiye ankamasulira. Sanafunse za ntchito yanga kapena ngati ndimasuta. Funso lawo linali limodzi: kodi ndine Mkhristu? Ndinaona mkeka wopempherera uli pakona, ndinadziwa kuti chipinda chandiphonya. Ndinavomera ndi mawu apansipansi ngati munthu wogwidwa akuba chinangwa. Amayiwo anawomba m'manja, nkhope yonse kuwala, n'kuuza mwana wawo kuti andipatse makiyi. Ndinangoti mwina ndi mmene alili anthu a ku Senegal.

Ife Amalawi timadzitama kuti timadziwa kupereka moni. Tisanamizane, sitinayambe n'komwe. Amayiwa akandigwira dzanja pakhomo ankafunsa za ine, za tulo, za ntchito, za kutopa, za abale anga omwe sanawaonepo, kenako n'kuyambiranso. Iwo ankafunsa m'Chiwolofu, ine n'kumayankha m'Chichewa, ndipo tinkamvana bwinobwino. Basi inandisiya kangapo chifukwa cha moni umenewu. Ndinkadandaula, koma tsiku lomwe sindinawapeze pakhomo ndinkapita ku ntchito ndili wolemedwa.

M'nyengo yotentha kunafika Tabaski, Idi ya nkhosa ija yomwe Asilamu akwathu amakondwereranso. Pamwamba panadzaza alendo, fungo la nyama yowotcha linatsika masitepe mpaka kulowa m'mabulangete anga. Masana ndinamva kugogoda. Anali amayi aja, atavala mkanjo wonyezimira, atanyamula beseni lachitsulo la maluwa ofiira, lokalamba ndithu, utoto wake utatcheteka m'mphepete. Munali mwendo wathunthu wa nkhosa. Ndinapinda mawondo, kuthokoza mpaka mawu kundithera. Iwo analoza beseni, n'kuloza ine, n'kunena zinthu zambirimbiri, ine n'kumangoti eya, eya.

Kwathu ku Ntcheu mbale siibwerera yopanda kanthu, ndipo ndinkafuna aone kuti nanenso ndinaleredwa. Ndinakazinga mandasi, kudzaza beseni, kukwera nalo. Amayiwo analandira mokondwa, anakhuthulira mandasi m'mbale ina, n'kundibwezera beseni m'manja. Ndinaganiza kuti mandasi achepa. Sabata yotsatira ndinapita ndi zitumbuwa. Zitumbuwa zinatsala, beseni linabwerera. Kachitatu ndinangolisiya pakhomo pawo mwakachetechete, koma pobwera ku ntchito ndinalipeza likundidikira pa sitepe yanga. Pamenepo ndinati basi, ndi mphatso. Popeza linali lalikulu bwino ndipo makina ochapira ankandiwonongera zovala, ndinalisandutsa monyikamo masokosi ndi yunifolomu.

Nyengo yozizira inafika, sinowo anabwera, anatizunza, n'kuyamba kusungunuka. Apa amayi aja anayamba kufunsa za Pasaka. Ankatuma mwana wawo kuti andifunse tsiku lake, kenako anazunguliza Lachisanu Loyera ndi cholembera pa kalendala ya pa firiji. Akandiona ankaloza kalendalayo n'kumwetulira, n'kumawerenga zala. Nanga ine ndikanaganiza chiyani? Ndinadziwa kuti Mzimu ukugwira ntchito. Ndinakanena ku gulu la amayi la kutchalitchi kwathu ku Markham kuti kunyumba kwanga kuli mzimu womwe watsala pang'ono kukololedwa. Amayi anafuula aleluya, ena anasala kudya. Ndinayambanso kuimba nyimbo za mtanda mokweza pochapa, kuti zizimveka pamwamba. Ndimachita manyazi ndikakumbukira, koma ndinkadziona ngati mmishonale.

Lachisanulo m'mawa, ndikupita kutchalitchi, ndinawaona amayi okalamba aja pawindo atavala mkanjo wa pa Tabaski uja ndi duku lalitali. Ndinawakodola kuti tipitire limodzi. Anaseka, n'kundibayibitsa ngati akuti fulumira. Mapemphero anatalika monga mwa nthawi zonse, kenako tinapita kukamwa tiyi kwa mmodzi wa akulu ampingo, ndipo ndinafika kunyumba cha m'ma faifi. Pakhomo ndinakumana ndi amayi awiri achikulire a ku Senegal akutuluka, atavala bwino nawonso. Anandiyang'ana m'manja, n'kuyang'anana. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinaona patebulo timbale tinayi ndi masipuni anayi, zonse zouma. Amayi aja anali pampando wawo. Nawonso anayang'ana m'manja mwanga, mmene munali Baibulo ndi kachikwama. Moni wawo unali mawu amodzi. Ananyamuka pang'onopang'ono n'kulowa kuchipinda.

Sipanatenge nthawi, mwana wawo anatsika. Asanayambe kulankhula, maso ake anagwera pa beseni lomwe linali pafupi ndi bafa, masokosi akuyandama m'madzi a sopo. Anagwira pakamwa. Anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe, misozi ili mbwee, ine ndili chiimire osadziwa choseketsa. Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi.

"Mchemwali," anatero m'Chingerezi, "kodi kwanu Akhristu saphika ngalaki pa Pasaka?"

"Ngala chiyani?"

Anandifotokozera. Kwawo, pa Tabaski Asilamu amatumiza nyama kwa anansi awo achikhristu. Ikafika Pasaka, Akhristu amaphika ngalaki, chakudya chozizira cha mchewere, chiponde ndi malambe, n'kudzaza mabeseni kutumiza kwa anansi awo achisilamu. Msilamu saphika yekha, amadikira. Ndiye beseni lija silinali mphatso. Linkabwerera kwa ine chifukwa nthawi yake inali isanakwane.

"Ndipo si la amayi," anapitiriza. "Ndi la mnzawo, Mkhristu, woyandikana naye nyumba kuyambira onse ali akwati. Beseni limenelo lakhala likuwoloka mpanda zaka zambiri, kupita ndi nyama, kubwera ndi ngalaki. Pamene amayi ankanyamuka linali kwathu. Anapita kukabweza, mnzawoyo anakana. Anati, tenga, kumeneko ukapezako Mkhristu wina. Mnzawoyo anamwalira chaka chatha. Amayi akhala akuuza aliyense pa foni kuti anamupeza Mkhristu wawo, ndipo lero anaitana anzawo kuti adzalawe."

Ndinakhala pansi nanenso. Manyazi anandigwira, ndipo monga ndimachitira ndikachita manyazi, ndinapsa mtima.

"Nanga bwanji osandiuza? Miyezi yonseyi! Pakamwa panali potseka?"

"Ndinafuna, koma anandiletsa. Anati zimenezi sizipemphedwa, ndiponso Mkhristu aliyense amadziwa. Kumukumbutsa n'kumunyoza."

Ndiye onani. Ine ndinkaganiza kuti gogo akufuna kubatizidwa, gogo ankaganiza kuti Akhristu a dziko lonse lapansi amabadwa akudziwa kusefa malambe. Tonse tinali otsimikiza. Ndinafunsa ngati nthawi yatheratu. Anati kwawo mabeseni ena ochedwa amafika mpaka Lamlungu. Ndinamufunsa kaphikidwe kake, anangotambasula manja. "Ife timangodya," anatero.

Loweruka ndinadzuka n'kuyamba ndi beseni. Ndinalitsuka ndi madzi otentha kasanu, ndikupepesa kwa mayi womwalira yemwe sindinamuonepo. Chiponde ndinali nacho. Mchewere wopota timibulu ndinaupeza m'sitolo ya anthu a kumadzulo kwa Africa, koma malambe anali atatha, wogulitsa anati Akhristu a ku Senegal anasesa onse Lachitatu. Ndinakumbukira kuti mtsogoleri wa gulu lathu la amayi, mayi wachikulire wa ku Balaka, amasunga malambe m'firiji, ndipo amawasamala kuposa pasipoti. Ndinawaimbira.

"Amayi, pepani, ndikupempha malambe. Ndi a gogo aja a kunyumba kwanga."

"Aja tikuwapempherera aja? Aaa, zikuyenda? Atembenuka?"

Ndinafotokoza zonse.

"Ndiye mukutanthauza kuti ine ndinafasita masiku atatu, kukanselanso apointimenti ya dotolo, pamene munthu amangofuna phala?"

"Si phala kwenikweni, amayi."

"Iyayi, ndi phala basi. Bwerani mudzatenge, koma sindikudiropani, galimoto yapita ndi ana. Ndipo Sande mudzaime kutsogolo mufotokoze nokha."

Kuchoka ku Etobicoke kupita ku Markham pa basi ndi ulendo woti munthu upite ndi kamba. Ndinasintha kanayi, kuima pamphepo, n'kubwerako nditakumbatira jumbo ya malambe. Kaphikidwe ndinakapeza pa foni, mzimayi wina akuphika akulankhula Chiwolofu mothamanga. Mawu sindinamve ngakhale amodzi, ndinkangotsatira manja. Koma nditanyika malambe m'madzi ofunda n'kuyamba kufinya, fungo lija linandibweza kumudzi, tili ana tikumung'unya nthanga mpaka lilime kuuma. Ndinadabwa kuti mtengo womwe ife tinkangouona ngati wa zokhwasula za ana, kwina anthu amamangira ubale. Ndinasakaniza ndi chiponde, kusefa pa nsalu, kuthira shuga, kutenthetsa mchewere pa nthunzi. Dzanja lachimalawi linkafuna kuti ndiike pamoto ndivundule, ndinachita kuligwira. Zomwe zinatuluka zinali zofiirira, zolimbirako kuposa za pa foni. Ndinaika m'firiji ndikudziuza kuti Mulungu amaona mtima.

Lamlungu m'mawa, ndisanapite kutchalitchi, ndinakwera masitepe nditanyamula beseni lovundikira ndi chitenje. Ndinagogoda. Mwana wawo anatsegula, n'kuitana. Amayi aja anatuluka ndi zovala zapakhomo, opanda duku lalitali. Anaima, kuyang'ana beseni nthawi yaitali. Anapititsa chala pamalo potcheteka paja. Kenako anakhala pansi, anavundukula, kununkhiza, n'kuitanitsa sipuni.

Analawa kamodzi. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kudenga. Analankhula, mwana wawo n'kumamasulira akudziletsa kuseka.

"Akuti yalimba kwambiri, mwina mumafuna kumangira nyumba."

Analawanso.

"Akuti shuga mwaumira. Mphesa zouma mulibe. Akuti mnzawo akanaona zimenezi akanakuthamangitsani ndi chikho."

Ndinati ndinyamule zinthu zanga ndizipita, popeza ndinali nditayenda tsiku lonse chifukwa cha chipongwe chimenechi. Nditatambasula dzanja, anandimenya pa chala ndi sipuni. Anakokera beseni pamiyendo pawo n'kupitiriza kudya. Ndipamene ndinaona kuti misozi ikutsika, ikudutsa m'makwinya mpaka pachibwano, koma sipuni sinaime. Mwana wawo anasiya kumasulira. Ine ndinagwada pambali pawo, ndipo ndinalira nawo, kulirira mayi wa beseni uja, kuliranso ndekha ndi miyezi yonse yomwe ndinakhala pansi paja ndikuganiza kuti ndine walendi chabe.

Atakhuta anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, anaitanitsa foni, n'kuyamba kuimbira anzawo awiri aja kuti abwere msanga. Kenako anandigwira dzanja n'kuyamba moni, wonse wathunthu, tulo, ntchito, kutopa, abale, mpaka basi ya kutchalitchi inandisiya. Pomwe ndinkanyamuka ndinayang'ana beseni mwachizolowezi, kudikira kuti andibwezere. Analiphimba ndi manja onse awiri n'kunena mawu angapo.

"Akuti likhala kuno mpaka Tabaski," anatero mwana wawo. "Chaka chamawa mubweretse Lachisanu, dzuwa lisanafike pamutu, ndipo muthireko madzi. Akutinso masokosi muzinyika mwina."

Ndinamuyang'ana mwanayo, iye anayang'ana kudenga. Ndinatsika masitepe manja ali lende, kwa nthawi yoyamba beseni litavomera kutsala. Ndinali nditaganiza kale zosamukira ku Oakville, kufupi ndi ntchito, chaka chikatha. Sindinasamuke. Pamwamba panali munthu yemwe ankandiwerengera kale Pasaka wa chaka chamawa, ndipo Lolemba ndinakagula ndowa ya pulasitiki.