Chaka Chimene Amayi Anakana Mchere

Pepala lija linali lachikasu, lopindidwa kanayi, ndipo amayi ankalisunga m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Linkanunkha mankhwala ndi utsi wa m'nyumba mwathu. Anabwera nalo kuchokera ku Blantyre tsiku limene abambo anatuluka m'chipatala, mvula itangoyamba kumene, m'zaka za Chitaganya zija. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Za matenda sindinkadziwa kanthu, koma miyendo ya abambo ndinkaiona: inatupa ngati mitondo, ndipo ukadinapo ndi chala dzenje linkatsala pomwepo.

Abambo ankatchetcha udzu ku bwalo la ndege ku Chileka. Chaka chimenecho ndege zinkangodutsa pamwamba pa denga lathu iwo ali gone pamphasa, akupuma ngati akwera phiri.

Pepalalo linali la Chingelezi, ndiye amayi ananditenga kupita nalo kwa aphunzitsi. Aphunzitsi analiwerenga kawiri, chala chikuyenda pansi pa mzere, kenako anati mchere ayi, ngakhale wotsina. Soda ayi. Matemba ouma, nyama ya m'chitini, buledi wa kusitolo, chigumu, zonsezo ayi. Mbatata, maungu, nkhwani, nandolo, dzira, nkhuku yongopha kumene, zimenezo adye, koma zopanda mchere. Amayi anafunsa za chidulo, madzi a phulusa aja timathira m'therere. Aphunzitsi anatembenuza pepala, anaseka, nati dokotala wachizungu chidulo sachidziwa, koma ndi mphwake wa soda, chisiyeni. Amayi sankadziwa kuwerenga, koma anabwereza zonse panjira osaphonya n'chimodzi chomwe. Mutu umene uja ukanapita kusukulu, kaya.

Poyamba ankaphika ndiwo ziwiri, zathu ndi za abambo. Sizinatheke. Abambo, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, tinawapeza akusunsa mbamu m'mbale ya ana ngati mphaka. Tsiku lomwelo amayi anatenga chitini cha mchere n'kukachisiya kwa atsibweni, mlongo wawo, kuseri kwa dimba. Kuyambira pamenepo nyumba yonse inadya zozizira.

Tinalira, ndisaname. Koma amayi anali mmisiri. Ankakazinga anyezi mpaka afiire, tomato wambirimbiri, nsinjiro zosinja kawiri, kenako n'kufinyiramo ndimu mphika utaphulidwa kale. Mpaka lero fungo la ndimu pa nkhwani wotentha limandiimitsa pamene ndili. Abambo ankadya akung'ung'udza kuti lilime lawo lamwalira iwo asanamwalire. Amayi ankangoti, "Lilime tidzalira maliro ake, bola inu mukhalepo."

Apa ndifotokoze chimene ana sitinkauzidwa. Kwathu mchere sunali chinthu wamba. Mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankaitana kamwana kuti kathire. Ndipo ankanena kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere, mwamuna wake amatupa thupi. Matendawo ankati tsempho. Tsono taganizani: mwamuna watupa miyendo, mkazi wake wasiya kugwira mchere, wautulutsa ndi m'nyumba momwe. Mjigo kunalibe, tinkatunga pachitsime, ndipo pachitsimepo amayi akafika nkhani zinkaduka.

Azakhali, mlongo wa abambo, anabwera kuchokera ku Lirangwe atakwezedwa pa njinga, atanyamula matemba a kumsika oti wodwala atsegule pakamwa. Amayi analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kundituma kuti ndikawasiye kwa atsibweni. Azakhali anayang'ana miyendo ya abambo, analawa ndiwo, n'kubwerera kwawo. Patatha sabata anabweranso ndi azimayi awiri achikulire, naitanitsa atsibweni monga nkhoswe ya banjalo.

Anakhala pakhonde dzuwa lili paliwombo, nthawi ya chakudya. Ine anandithamangitsa, koma ndinangozungulira nkhokwe n'kukhala pamene ndinkaona bwino. Azakhali anamasula mfundo ya chitenje, anakhuthulira mchere pakambale n'kuika patsogolo pa amayi.

"Ngati mulibe kanthu mumtima, mulamu, thirani ndi dzanja lanu, adye tikuona. Apo ayi, tikumutenga akachire kwawo ku Lirangwe."

Amayi anatulutsa pepala. Mmodzi wa achikulire aja anati mapepala a Chitaganya angabise chilichonse. Atsibweni thukuta linali kamukamu, ananong'oneza mokweza ndithu kuti, "Tangotsinani pang'ono, mlongo, kamodzi sikapha munthu."

Lero ndikudziwa kuti atsibweni sankanama. Kamchere kotsina kamodzi sikakanapha abambo. Koma amayi ankawadziwa anthu awo. Akanathira tsiku limenelo, pepala likanafera pomwepo. Mawa lake akanabwera matemba, mkuja therere la chidulo, ndipo aliyense akanati kodi dzana sanadye? Abambo enieniwo ankayang'ana kambale kaja malovu ali m'kamwa. Amayi anakankhira kambaleko kwa mwini wake pang'onopang'ono, ndi nsonga za zala.

"Nenani zimene mukufuna za ine. Awa mchere sadya."

Nkhuku inadutsa pakati pawo, palibe anaiingitsa. Kenako abambo anakoka mbale ya nandolo wozizira uja, anasamba m'manja, n'kuyamba kudya pamaso pa mlongo wawo. Anadya yense mpaka kupukuta mbale ndi mbamu yomaliza, iwo amene masiku onse ankasiya theka. Azakhali anabwerera ku Lirangwe osatsanzika. Ndimanyadira amayi anga pa zambiri, koma ndikafuna kuwaona bwinobwino ndimawaona atakhala pakhonde paja, msana uli chilili.

Pofika nthawi ya chimanga chachiwisi, akakolo a abambo anayamba kuoneka, khungu litachita makwinya. Pokolola anapalasa okha njinga mpaka ku Lirangwe kukadzionetsa. Anakhala ndi moyo mpaka kunyamula mwana wanga woyamba, ndipo mchere sanaulawenso.

Mwina mukuganiza kuti anthu anapepesa. Ayi ndithu. Anati wachira chifukwa mkazi uja anasiya kumuthirira, ndiye kuti zinali zoona.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe kunali ukwati m'mudzi mwathu, ndipo amayi anapatsidwa mphika wa nyama ya mbuzi, poti pa ndiwo panalibe wowaposa. Nyama itapsa anatambasula dzanja kuti atape mchere m'lichero. Mayi wina anawagwira pamkono, mofatsa, akumwetulira, n'kutembenukira kumene ife ana tinkasewera.

"Iwe mwana, tabwera udzathire kuno."

Ndinathamanga. Pa atsikana onse aja anasankha ine, pa ukwati, mphika waukulu kuposa yonse. Azimayi onse anasiya zochita n'kumayang'ana. Ndinatapa ndi manja awiri, ndinathira, ndinayang'ana amayi. Anavundula, analawa, nati ndiwonjezere pang'ono.

Pobwerera kunyumba ndinadzitama njira yonse, ndikudumphadumpha patsogolo pawo, kuwafunsa ngati anaona mmene anthu onse ankandiyang'anira. Sindinkadziwa kuti sankayang'ana ine, kapena kuti mkono umene ndinaukoka kuti andiyankhe ndi womwe uja unagwidwa pagulu. Amayi anandikonza mpango kumutu, nati, "Ndinaona, mwanawe. Wathira bwino."